Za anyani a m'filimu aja ndi Darwin

Achimwene mwafunsa ngati filimu ya Planet of the Apes ikuonetsa zomwe Charles Darwin, katswiri wa sayansi ya zamoyo uja, ananena, zoti tinachokera kwa anyani ndiye tsiku lina adzatilanda dziko. Ayi ndithu, komano pakanapanda Darwin filimuyo sikanakhalapo.

Mkuluyu anatulutsa buku la On the Origin of Species mu 1859, mfundo yake inali yoti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono pa mibadwo yambirimbiri, zomwe zayanjana ndi malo ake zimaswana, zinazo zimangotha. Za munthu anadzazilemba bwino mu 1871, ndipo sanati nyani wokuberani chimanga kumunda uja ndi agogo anu ayi, anati ife ndi iwo kholo lathu ndi limodzi lakalekale, tingoti asuweni.

Olemba nkhani atamva izi funso linali loti, ngati munthu akusinthabe ndiye mawa adzakhala chani? Amene amandigometsa ine ndi H.G. Wells, anaphunzira biology kwa T.H. Huxley yemwe ankamenyera nkhondo mfundo za Darwin kwambiri. M'buku lake la The Time Machine la 1895 munthu akufika chaka cha 802,701 nkupeza anthu agawikana pawiri, ma Eloi zidzukulu za mabwana, owoneka bwino koma ofooka komanso opepera poti ntchito sakuidziwa, ndi ma Morlock zidzukulu za antchito okhala pansi pa nthaka ndi makina, amene usiku amatuluka kudzagwira ma Eloi aja nkukadya ngati mbuzi za m'khola. Eee zoopsa. Wells anaigwira nkhani, evolution, kusintha kwa zamoyo kuja, si makwerero ongopita kumwamba, mutha kutsikanso.

Mafilimu ambiri apa ndi pomwe amatiputsitsa. Mu X-Men mnyamata akutulutsa moto m'maso akuti ndiye evolution imeneyo, mu Pokémon kanyama kakusandulika pamasekondi ochepa, amenewo ndi matsenga basi kkkk. Ngakhale Apes yanuyo, yoyamba ya 1968 anaitenga m'buku la Pierre Boulle la 1963, koma ya 2011 ija nyani uja Caesar nzeru zake zinachokera ku mankhwala a mu labu omwe ankayesera kuchizira matenda oiwalaiwala a Alzheimer's, osati kusintha kwachilengedwe.

Zenizeni zake nzochedwa zedi moti pa kanema mungagone. Mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi zilipo mitundu mazanamazana yochokera ku makolo ochepa, koma ndani angalipire ku video show kukaonera nsomba ikusintha milomo kwa zaka masauzande?