Kukaona kachisi wa Ise ku Japan: poyambira ndi miyambo yake

Mmodzi mwa owerenga athu watilembera imelo: "Ndikupita ku Nagoya kumsonkhano ndipo ndili ndi tsiku limodzi lopuma. Ndikufuna kukaona kachisi wa Ise. Ndiyambire pati, nanga ndipewe chiyani kuti ndisalakwire eni ake?"

Tsiku limodzi likwana. Kwerani sitima ya Kintetsu, ulendo wa pafupifupi ola ndi theka, mukatsike pa Iseshi. Ise Jingu ndi gulu la akachisi 125 a Chishinto, chipembedzo chamakolo cha ku Japan, koma akuluakulu ndi awiri, Geku ndi Naiku. Mwambo umati muyambire ku Geku, kwa Toyouke, mulungu wa chakudya, komwe ndi mphindi zisanu wapansi kuchokera pasiteshoni. Kenako basi ikufikitseni ku Naiku, kwa Amaterasu, mulungu wamkazi wa dzuwa. Kulowa n'kwaulere.

Pachipata cha torii, cha mizati iwiri ndi mitanda pamwamba, weramani pang'ono. Musayende pakati pa njira, amati pakatipo ndi podutsa milungu. Ku Geku yendani chakumanzere, ku Naiku chakumanja.

Musanafike popembedzera pali malo osambira m'manja, ndipo apa ndi pomwe alendo ambiri amasokoneza. Tungani madzi kamodzi kokha ndi chikho, chili kudzanja lamanja. Tsukani lamanzere, sinthani, tsukani lamanja. Thirani pang'ono m'chikhatho chamanzere, muchukuche m'kamwa, mulavulire pansi mutaphimba pakamwa. Chikho chisakhudze milomo, poti ena achigwiritsanso ntchito. Tsukaninso lamanzere, kenako imikani chikhocho kuti madzi otsala atsikire pachogwirira. Mukathira ambiri koyambirira, amakutherani panjira. Ku Naiku, mukaoloka mlatho wa Uji, mungathenso kusamba m'manja mumtsinje wa Isuzu.

Popembedza amawerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, n'kuweramanso kamodzi. Ngati chikhulupiriro chanu sichilola, imani chete pambali, palibe angakukakamizeni.

Dziwiranitu kuti nyumba yaikulu ya kachisi ku Naiku simuiona bwino. Yazingidwa ndi mipanda inayi, ndipo mumaima kutsogolo kwa nsalu yoyera yotchinga chipata, n'kumangoona nsonga ya denga la udzu. Mukayamba kukwera masitepe amiyala, kamera ilowe m'thumba.

Matabwa ake si akale ayi. Zaka 20 zilizonse amamanga kachisi watsopano ndi mitengo ya hinoki, mtundu wa mkungudza wa ku Japan, pabwalo loyandikana nalo, n'kuphwasula wakaleyo. Mwambowu unayamba mu 690, unachitika ka 62 mu 2013, ndipo wotsatira ndi wa 2033. Choncho musadutse msanga pabwalo lopanda nyumbalo, loyalidwa nsangalabwi, lokhala ndi kakhumbi kakang'ono pakati. Pamenepo ndi pomwe adzamangenso.

Lawirirani, anthu asanachuluke. Zipata amatsegula 5 koloko m'mawa.