Funsani Akatswiri: Patenti pa Makina Ojambulira M'thupi ndi Othandiza Kupuma

Funso: Kumbuyo kwa makina athu ojambulira m'thupi kuli kachitsulo kolembedwa manambala angapo a patenti. Kodi ndiye kuti makinawa anayesedwa n'kupezeka odalirika?
*Namwino*

Yankho: Ayi anamwino, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. A ku ofesi ya patenti amaona zinthu zitatu: ngati lusolo ndi latsopano, ngati si lodziwikiratu kwa anthu a ntchitoyo, ndiponso ngati lingagwiritsidwe ntchito. Sayesa makina pa wodwala. Imeneyo ndi ntchito ya mabungwe ena, monga FDA, bungwe la boma loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, pomwe ku Ulaya mumayang'ana chizindikiro cha CE, chosonyeza kuti chipangizo chakwaniritsa malamulo a kumeneko.

Patenti ndi pangano chabe. Wotulukira luso amaulula poyera mmene chinthu chake chimagwirira ntchito, boma n'kuletsa ena kuchipanga kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chake kwa zaka 20 kuchokera tsiku lomwe anapereka pempho. Manambalawo achuluka chifukwa iliyonse ikuteteza kambali kake: ina chubu chotulutsa X-ray, ina njira yomwe kompyuta imapangira chithunzi. X-ray yeniyeniyo inalibe patenti n'komwe. Wilhelm Röntgen ataitulukira mu 1895 anakana kuilembetsa.

Funso: Ndikuphunzira zokonza makina a m'chipatala. Ndapeza pa intaneti patenti yakale ya CPAP, makina othandiza kupuma, ya ana obadwa masiku asanakwane. Ndingapange yanga osazengedwa mlandu?
*Wophunzira*

Yankho: N'zotheka achimwene, koma yambani mwafufuza. Onani tsiku lomwe pempho linaperekedwa, muonjezere zaka 20. Onaninso dziko, chifukwa patenti imagwira ntchito kumene inalembetsedwa kokha, ndipo zina zimafa msanga mwini wake akasiya kulipira ndalama zoisungira. Kenako musataye nthawi ndi zojambula. Werengani ndime za manambala zomwe amazitcha claims, pakuti malire a zomwe mwini wake angakuletseni ali mmenemo. Msampha uli pa tizigawo tatsopano: njira yonse ikhoza kukhala ya aliyense, koma timapaipi ta m'mphuno ta kampani ina tili ndi patenti yamoyo.

Si patenti iliyonsenso yomwe imalimba ikafika ku khoti. Philip Drinker ndi Louis Shaw anapanga chimgolo chachitsulo chopumitsa odwala ku Harvard mu 1928. John Emerson atapanga chake chotsika mtengo mu 1931 anasumiridwa, koma anasonyeza kuti ena anali atapangapo kale zofanana, ndipo khoti linathetsa mapatenti a Drinker.

Komabe ife chomwe chimatidetsa nkhawa si mlandu, koma mwanayo. CPAP ya botolo la madzi imaoneka yosavuta. Mpweya, kawirikawiri malita 5 mpaka 10 pa mphindi, umadutsa m'chonyowetsa, n'kulowa m'mphuno mwa mwana, ndipo paipi yotulutsira imamizidwa m'botolo. Kuya kwa paipiyo ndiko kumapereka mphamvu yomwe imasunga mapapo kuti asafote: masentimita 5 m'madzi ndi 5 cmH2O, womwe ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya. Madzi a m'botolo akasiya kuchita thovu, dziwani kuti mpweya ukuthawira penapake, mwina polumikizira, mwina mkamwa mwa mwana, mwinanso timapaipi tachepa. Madzi akaphwa m'botolo mphamvu imatsika mwakachetechete. Akadzadza m'paipi yotulutsira, yomwe imachita thukuta mkati, mphamvu imakwera kuposa yomwe mwaika, ndipo phapo likhoza kuboola. Mpweya wouma umaumitsa mamina n'kutseka mphuno, pomwe timapaipi tothina timadya kakhoma kapakati pa mphuno. Choopsa kwambiri n'kupereka okosijeni yekhayekha osasakaniza ndi mpweya wamba, chifukwa amawononga maso a mwana wosakhwima mpaka kuchita khungu. Pamafunika chosakanizira komanso kachipangizo koyezera okosijeni m'magazi.

Zambiri mwa izi simuzipeza m'chikalata cha patenti. Yesani makina anu pa mapapo ochita kupanga, pali choyezera mphamvu ya mpweya, ndipo asafike pa mwana asanavomerezedwe ndi bungwe loona za zipangizo zachipatala.

Funso: Ngati mapatenti amatha, bwanji CT ndi MRI, makina ojambulira m'thupi aja, zikadali zodula chonchi?
*Wowerenga*

Yankho: Oyambirira anathadi kalekale. CT ya Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI inajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, ndipo patenti ya Raymond Damadian yofufuzira khansa ndi maginito inatuluka mu 1974. Ali amoyo, mapatenti oterewa ankaluma ndithu: mu 1997 General Electric inalipira kampani ya Damadian, Fonar, madola oposa 128 miliyoni.

Lero chokweza mtengo ndi kapangidwe ndi kasamalidwe. Maginito a MRI zambiri amazizitsidwa ndi helium wamadzi kufika pa madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo chozizitsira chikaima nthawi yaitali helium amauluka. Chubu cha CT chimatentha kwambiri, chimatha, n'kufuna china. Pulogalamu ya m'kompyuta nayo imatetezedwa ndi malamulo ena komanso chinsinsi cha kampani, ndipo chinsinsi sichikhala ndi tsiku lothera. Choncho pogula makina, funsitsani kuti ndani ali ndi makiyi olowera mu pulogalamu yokonzera, komanso zipangizo zosinthira zidzapezeka kwa zaka zingati.