Chipinda n'chimodzi, amayi ndi ambirimbiri: muyambire pati?

Wowerenga wina yemwe akuphunzira ku America wanditumizira imelo. Iye ndi anzake apatsidwa chipinda chimodzi m'myuziyamu ya pasukulu pawo kuti akonze chionetsero cha amayi akuda omenyera ufulu wa amayi m'dzikolo. Funso lake: "Kodi tingondandalika zithunzi za amayi otchuka potsata zaka?"

Achemwali, musatero ayi. Khoma lodzaza nkhope munthu amangolidutsa akugwedeza mutu, pofika pakhomo waiwala kale. Onetsani ntchito yomwe manja awo ankagwira, ndi anthu omwe ankalimbana nawo, chifukwa amayiwa ankathinidwa mbali ziwiri: amayi achizungu ankawakankhira kumbuyo, abambo akuda nawonso ankafuna kuwayankhulira.

Ndikanakhala ine, pakhomo penipeni ndikanaika mapepala awiri moyandikana. Sojourner Truth, mayi wakuda yemwe kale anali kapolo, anayankhula pa msonkhano wa ufulu wa amayi ku Akron, Ohio, mu 1851. Mkonzi wa nyuzipepala Marius Robinson anasindikiza mawu ake chaka chomwecho. Mu 1863 Frances Gage, mayi wachizungu yemwe anatsogolera msonkhanowo, anatulutsa ena, atawalemba m'kayankhulidwe ka akapolo a kum'mwera, chonsecho Truth anabadwira ku New York ndipo anakula akuyankhula Chidatchi. Omwe anatchuka ndi a Gage. Mlendo awerenge onse awiri, aone yekha mmene mawu a mayi wakuda amasinthidwira akagwera m'manja mwa ena. Musamufotokozere zambiri pamenepo.

Pakati pa chipinda, ngati mungabwereke makina akale ochulukitsira mapepala, aikeni. Anthu amadziwa Rosa Parks, yemwe anakana kusiyira mzungu mpando m'basi, koma usiku womwe anamangidwa mu 1955, Jo Ann Robinson wa bungwe la amayi akuda la Women's Political Council ndiye anachezera kusindikiza timapepala masauzande touza anthu a ku Montgomery kuti asakwere mabasi. Pambali pake pakhale nkhani ya Ida B. Wells, yemwe ofesi ya nyuzipepala yake ku Memphis azungu anaiphwanya mu 1892 atalemba zodzudzula kuphedwa kwa anthu akuda ndi magulu a azungu. Ndi yemweyo amene pa ulendo wa amayi ofuna ufulu wovota ku Washington mu 1913 anauzidwa kuti ayende kumbuyo, iye n'kukana.

Khoma lalikulu lipatseni Combahee River Collective, gulu la amayi akuda la ku Boston lomwe chikalata chake cha 1977 chinanena kuti tsankho la khungu, kuponderezedwa kwa amayi ndi umphawi ndi zolukanalukana. Dzinalo analitenga ku mtsinje wa Combahee komwe Harriet Tubman, mayi yemwe anathawa ukapolo, anatsogolera asilikali mu 1863 n'kumasula akapolo oposa 700. Mapu aang'ono akwanira.

Shirley Chisholm, mayi wakuda woyamba kusankhidwa kukhala phungu m'nyumba ya malamulo ya dzikolo, mungamuike pangodya, ndi baji ya kampeni yake ya upulezidenti ya 1972. Zake zimapezeka paliponse.

Za mawu apakhoma: afupikitseni, alembeni akuluakulu, ndipo musaiwale benchi, agogo amatopa. Zithunzi zambiri zili ndi eni ake, ndiye lemberani makalata opempha chilolezo sabata ino, chifukwa mayankho ake amachedwa.