Yankho kwa a Malume pa nkhani yogawa kuwala mu chip

Eee, a Malume, moni. Ndamva funso lanu lija, loti kodi kugawa kuwala komwe timachita mu chip, kachidutswa kakang'ono ka silikoni komwe timayendetsamo uthenga ndi kuwala, ndi kuja kwa utawaleza, kopatula mitundu. Ayi ndithu, mtundu sitiukhudza n'komwe. Kuwala kwake ndi kwa infrared, mafunde ake otalika ma nanometer 1550 (mu milimita imodzi muli ma nanometer miliyoni imodzi), maso sangakuone.

Ife timagawa potengera momwe kuwalako kukugwedezekera. Mangani chingwe pamtengo n'kugwira nsonga inayo: mutha kuchigwedeza chokweza ndi chotsitsa, kapena cham'mbali. Kuwala nakonso kumatero. Magalasi a dzuwa aja amati polarized amachotsa kunyezimira kwa madzi kunyanja chifukwa kuwala kochokera pamadzi kumagwedezeka kwambiri cham'mbali, ndiye galasilo limakutchinga.

Tsono vuto lili apa. Kuwala kukamayenda mtunda wautali mu faiba, kaulusi kagalasi konyamula intaneti, chingwe chapindika apa, kwatentha apo, kagwedezekedwe kamasinthasintha, kumafika kuli mulimonse. Pomwe kanjira ka silikoni mu chip n'kakang'ono zedi: kukhuthala ma nanometer 220, m'lifupi cha m'ma 500. Tsitsi lanu limodzi limakaposa kunenepa maulendo opitirira 100. Poti n'kophwatalala, mbali ziwiri zija za kagwedezekedwe, ya cham'mbali timaitcha TE ndipo yokweza ndi kutsitsa TM, siziyenda liwiro limodzi, komanso zipangizo zambiri mu chip anazipangira TE yokha. Mukangolowetsa zosakanikirana, uthenga wina umatayika.

Ndiye pakhomo penipeni pa chip timaika tinjira tiwiri toyandikana kwambiri koma tosakhudzana. Tikayeza bwino mpata ndi kutalika kwake, TM imadumphira kanjira kachiwiri, TE n'kumapitirira yokha. Kenako TM ija timaitembenuza kuti ikhale TE, iliyonse ilowe kwake. Chotipweteketsa mutu n'chakuti kufakitale akangophonya m'lifupi ndi ma nanometer ochepa chabe, kadumphidwe kaja kamasokonekera, mbali ziwiri n'kuyamba kulowerana. Ntchito yambiri imathera pamenepo, kupanga kachipangizo kopirira zolakwika zotere.

Phindu lake n'loti mbali iliyonse imasenza uthenga wakewake, faiba imodzi n'kunyamula kawiri. Makina a 100G, otumiza uthenga wa ma gigabit 100 pa sekondi, omwe anayamba kufala cha m'ma 2010 amadalira zimenezi, ndipo intaneti ya kumudziko imabwera pa faiba yochokera ku zingwe za pansi pa nyanja, kudzera ku Tanzania ndi Mozambique.

Funso lanu lachiwiri, loti nanga ma bundle atsika mtengo liti, aaa Malume, limenelo mukafunse amakampani a mafoni. Mupereke moni kwa azakhali.