Kasanjidwe ka ntchito za bungwe mu ClickUp

Mayi, mwafunsa ngati bungwe lanu la ku Area 47 lisanje ntchito mu ClickUp, pulogalamu ya pa intaneti yoyendetsera ntchito, potsata madipatimenti, maboma amene mukugwiramo ntchito, kapena mabungwe amene amakupatsani ndalama. Langizo langa ndi lakuti pamwamba pakhale chinthu chimene sichisinthasintha, ndipo pa zitatuzi chokhazikika ndi madipatimenti.

ClickUp imasanja zinthu motsika, kuyambira pa Workspace, kubwera pa Space, Folder, List, mpaka pa Task, imene ndi ntchito imodzi yopatsidwa kwa munthu. Workspace ikhale imodzi ya bungwe lonse, chifukwa mukatsegula ziwiri, mkulu wa bungwe sadzatha kuona ntchito zonse pamalo amodzi. Dipatimenti iliyonse, monga ya mapulogalamu, ya zachuma ndi yoona za antchito, ikhale ndi Space yake. Apa ndikutsindika kwambiri, chifukwa chilolezo chimene mwaika pa Space chimatsikira ku zonse za pansi pake. Mukaitseka ya zachuma kuti alowemo anthu atatu okha, mlangizi amene ali ku Mchinji akatsegula foni kufuna ndandanda ya maphunziro a alimi sadzakumana ndi malipiro a anzake.

Pulojekiti iliyonse ikhale Folder mkati mwa Space ya mapulogalamu, ndipo ma List akhale zigawo za ntchitoyo, monga maphunziro, kugula katundu ndi malipoti. Opereka ndalama musawapatse Space. Mgwirizano wawo umatha pakapita zaka zochepa, ndipo zikatero mumangosunga Folder ija mu Archive, mosungira zinthu zimene zatha ntchito, popanda kugwedeza china chilichonse.

Nkhani ya maboma ndiyo imasokoneza ambiri. Pulojekiti imodzi ikhoza kukhala ku Dedza, ku Salima ndi ku Dowa nthawi imodzi, kotero mukagawa potsata maboma, ntchito imodzi mudzailemba katatu ndipo malipoti sadzagwirizana. Dzina la boma muliike ngati tag (kachizindikiro ka mawu) pa Task, kuti wofuna za ku Salima zokha azingosefa. Custom Field, malo olembapo zina amene mumadzipangira nokha pa Task, imachitanso zomwezo mwadongosolo, koma pa pulani yaulere ili ndi malire.

Komanso muganizire anzathu ogwira ntchito kumudzi, kumene netiweki imavuta ndipo bandulo imatha msanga. Ngati munthu ayenera kutsegula zigawo zisanu ndi chimodzi kuti apeze ntchito yake, adzabwerera ku WhatsApp. Musapitirire Subtask (kantchito kakang'ono ka mkati mwa Task) imodzi pansi pa Task, ndipo mphamvu yotsegula Space yatsopano muipereke kwa munthu mmodzi kapena awiri okha.