Kiliniki yanu izilandira bwanji makadi a MASM?

Achimwene ena a ku Area 25, ndi clinical officer, anditumizira imelo kuti akutsegula kiliniki yawoyawo ndiye akufunsa ayambire pati kuti odwala azibwera ndi khadi ya MASM (Medical Aid Society of Malawi), sikimu yolipirira mamembala ake chithandizo cha kuchipatala.

Achimwene, ku MASM musathamangireko kaye, kumeneko nkomalizira. A sikimu amafuna aone kuti boma linakuvomerezani kale, ndiye yambani ndi Medical Council of Malawi, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987 la madokotala. Dipuloma yanu payokha siikwana, dzina lanu likhale mu kaundula wawo ndipo kulembetsaku kumafunika kukonzanso chaka ndi chaka, ndi ma CPD points omwe, mapointi osonyeza kuti mukupitiriza kuphunzira za ntchito yanu. Apa mpamene ambiri amakodwa, munthu analembetsa kalekale akadali kuchipatala cha boma, osapitanso kukalipira, lero akufuna bizinesi ndiye akupezeka ali ndi ngongole.

Komanso pepala la inuyo ndi pepala la malo nzosiyana. A Council amabwera kudzayendera nyumbayo asanapereke laisensi, amaona madzi, zimbudzi, zipangizo, komwe muzitaya masingano ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ine ndimagwirizana nawo, moyo wa munthu si wochitira zachidule. Nesi amene mwamulemba ntchito akhale wolembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, musangomukhulupirira pakamwa, onani pepala lake ndi maso anu. Za mankhwala ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA), amene analowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. TPIN (nambala ya msonkho) ya ku MRA ndi akaunti ya kubanki ya bizinesi musaiwale.

Zonsezi zikakwana mpamene mukalembe kalata yopempha kukhala service provider, kutanthauza kiliniki yololedwa kuthandiza mamembala a sikimuyo. Sikimu iliyonse imavomereza payokha, MASM ikakulolani sindiye kuti Medhealth nayo yakulolani ayi. Ndipo chonde musayambe kulandira makadi kalata yovomereza isanafike, ma claim (mapepala opempha malipiro kusikimu) amenewo akhoza kukanidwa, mankhwala mwapereka kale, ndalama mukaitenga kwa ndani?

Musanasaine, werengani tarifi yawo bwinobwino chifukwa mtengo amaika ndi iwo osati inu, afunseni kuti claim imatenga nthawi yayitali bwanji kuti ilipidwe komanso ndi chithandizo chiti chofunika chilolezo chawo musanayambe. Wodwala wa khadi sakusiyirani kashi patebulo, ndiye sungani ndalama yapadera yoodera mankhwala ndi kulipira anesi miyezi yoyambirirayo pamene mukudikira malipiro oyamba.