Akuti "votereni ine, chipani chisiyeni": tiwakhulupirire?

Achimwene, mwafunsa za mkulu amene anabwera kumudzi kwanu ku Tsangano pa kampeni ya 2024 atavala malaya oyera, opanda chizindikiro cha chipani, n'kumati iye ndi mwana wa kuno, zolakwa za ku Maputo si zake. Mukuti akadzabweranso mumukhulupirire kodi? Ine ndikuti musanayese mtima wake, yambani mwakumbukira pepala limene munalandira pa 9 Okutobala paja.

Ife a ku Angónia ndi Tsangano timamvera kwambiri mawailesi a ku Malawi, msika wathu ndi Lizulu ndi Dedza, ndiye ndale za kumeneko zinatilowa m'mutu. Kumeneko phungu amaima m'dera lake ndi dzina lake komanso nkhope yake, ndipo chipani chikamutaya amatha kuima payekha n'kupambana. Kuno kwathu ku Mozambique si choncho. Pa pepala la aphungu a Assembleia da República, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, simuonapo nkhope ya munthu wa kwanu. Mumaonapo ng'oma ndi chimanga, nkhwali, tambala, ndi zizindikiro zina za zipani. Chipani chimapereka mndandanda wa mayina a chigawo chonse cha Tete, ndipo mipando imagawidwa motsatira mavoti, kuyambira dzina lapamwamba kutsika m'munsi. Ngati mkulu wanuyo anali kumchira kwa mndandanda, voti yanu inakweza anthu amene simunawaonepo, iye n'kutsala pakhomo. Bwanamkubwa nayenso, kuyambira 2019, ndi cabeça de lista, kapena kuti dzina lapamwamba pa mndandanda, wa chipani chimene chapambana ku nyumba ya malamulo ya chigawo. Ndiye munthu akamati votereni ine osati chipani, akukugulitsani katundu amene pa pepalapo palibe.

Chifukwa chimene amavulira malaya tonse tikuchidziwa. Wa Frelimo, chipani cholamula, safuna kufunsidwa za ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni zimene zinaululika mu 2016, kapena chifukwa chimene midzi yambiri ikugona mumdima pamene damu la magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe chino. Wa Renamo, chipani chotsutsa, nayenso ankazemba dzina la mtsogoleri wawo Ossufo Momade, poti anthu amene ankathamangira mtsogoleri wakale Dhlakama anali atagwa ulesi. Ndipo sanawerenge molakwa: Renamo inatsika kuchoka pa mipando 60 kufika pa 28.

Sindikunena kuti aliyense wodandaula za chipani chake ndi wabodza ayi. Alipo amene zimawawawadi. Ine ndili ndi msuweni amene wakhala m'chipani zaka zambiri, ndipo tikakhala pansi pa mtengo amalankhula zoona zokhazokha za misewu imene imatiwoletsera kachewere m'dzinja. Koma pamsonkhano wa chipani amaomba m'manja ngati wina aliyense, chifukwa ntchito yake ndi sukulu ya ana zili m'manja mwa anthu omwewo. Ndimamumvetsa, ndipo zimandipweteka. Koma kudandaula pansi pa mtengo sikunasinthepo bajeti.

Kusiyana ndi chipani kwenikweni kumadula, ndipo mtengo wake umaoneka. Mu 2008 Renamo itakana kuimikanso Daviz Simango pa umeya ku Beira, iye anaima payekha, anapambana, chaka chotsatira n'kuyambitsa chipani cha MDM. Nthawi imeneyo meya ankasankhidwa ndi dzina lake. Kuyambira 2018 meya nayenso amalowera pa mndandanda. Venâncio Mondlane, kaya mumamukonda kaya ayi, atatsekeredwa khomo ku Renamo mu 2024 anatula pansi mpando wake wa uphungu asanaime pa upulezidenti mothandizidwa ndi chipani cha Podemos. Anthu amenewa anasiya kanthu. Malamulo athu amanenanso kuti phungu akalowa chipani china mpando umamuthera, n'chifukwa chake ambiri amangong'ung'udza m'midzi, akafika ku Maputo n'kukweza dzanja limodzi ndi anzawo.

Ndiye akadzabwera, mu 2028 pa chisankho cha meya ku Ulónguè kapena mu 2029 pa chisankho cha tonsefe, musamuthamangitse. Mupatseni mpando, amwe thobwa, kenako mumufunse pamaso pa amfumu: dzina lanu lili nambala chani pa mndandanda, ndipo pamwamba panu pali ndani? Zimene mukutiuza panozi munazinenapo liti m'chipani mwanu, ndipo zinakutayitsani chiyani? Mafuta a galimoto mwabwera nayoyi wagula ndani? Funso lomalizali ndi limene ndinafunsa ine kwathu. Mkuluyo anayamba kufotokoza za mjigo umene akufuna kutikumbira, anyamata ake akutsitsa zitenje m'galimoto, ndipo titazifunyulula tinapeza chizindikiro chija chili pakati penipeni.